Zimbale zakale za pop, rock ndi folk zoyenera kukhala nazo: mafunso ndi mayankho

Nyimbo zonse zili pa foni masiku ano. Chimbale ndigulirenji?

Ngati mumakonda nyimbo imodzi kapena ziwiri za woyimba, musagule chimbale, foni ikukwanirani. Chimbale choyenera ndalama zanu ndi chimene mungachiike n'kuchisiya chiyimbe kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, dzanja lanu osayabwa kuti mudumphe ina. Kuyambira cha m'ma 1965 mpaka m'ma 1980, oyimba ambiri a ku Britain ndi ku America ankakonza nyimbo zawo poganizira lekodi ya mbali ziwiri, mbali iliyonse yotenga mphindi pafupifupi 22. Ankasankha bwino nyimbo yotsegulira, yotsekera mbali yoyamba, ndi yodzutsa munthu akatembenuza lekodi. Foni ikamasakaniza nyimbo mwachisawawa, dongosolo lonseli limatayika. China n'chakuti nyimbo za pa intaneti zimafuna bandulo, ndipo mwini wake akhoza kuzichotsako tsiku lililonse.

Ndili ndi ndalama ya zimbale zisanu zokha. Ndiyambire pati?

Yambani ndi zimene zinagulidwa kwambiri, chifukwa zinadindidwa zambirimbiri ndipo zakale zake sizivuta kupeza pamtengo wabwino. Ife tingati: Rumours cha Fleetwood Mac, cha 1977, Tapestry cha Carole King, cha 1971, Abbey Road cha The Beatles, cha 1969, Graceland cha Paul Simon, cha 1986, ndi The Dark Side of the Moon cha Pink Floyd, cha 1973.

Pa zisanuzi, Rumours ndi chimene sichitopetsa msanga. Chinajambulidwa mu 1976, mbali yaikulu ku Sausalito ku California, panthawi imene banja la John ndi Christine McVie linkatha, chibwenzi cha Stevie Nicks ndi Lindsey Buckingham nachonso chikusweka. Anthu ankayimbirana nyimbo zodandaulirana ali pa maikolofoni imodzi, ndipo zimamveka. Nyimbo ina ya Nicks, Silver Springs, inasiyidwa chifukwa malo pa lekodi anachepa, n'kukaikidwa kuseri kwa kalekodi kakang'ono ka Go Your Own Way. Ma CD ena otuluka pambuyo pake anaibwezeramo, choncho werengani mndandanda wa nyimbo kuseri musanalipire.

Tapestry n'chofatsa: piyano, mawu a munthu mmodzi, zoyimbira zochepa. Chimayimba bwino ngakhale pa masipika osalimba, zimene sitinganene za Pink Floyd.

Za The Beatles zilipo zambiri. Nditenge chiti, nanga nkhani ya mono ndi stereo ndiyotani?

Revolver cha 1966 ndi Abbey Road ndiye zoyambira. Koma apa m'pamene ogula ambiri amapusitsika. Kampani ya Capitol ku America inkadula zimbale za gululi n'kuzisanja mwa njira yake. Revolver ya ku Britain, ya Parlophone, ili ndi nyimbo 14. Ya ku America yakale ili ndi 11 zokha, ndipo zitatu zosowazo zonse n'zoyimba John Lennon. Rubber Soul cha 1965 nachonso n'chosiyana m'maiko awiriwa. Kuyambira pa Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band mu 1967 m'pamene mndandanda unayamba kufanana. Ma CD ambiri amatsatira dongosolo la ku Britain.

Mono ndi pamene mawu onse amatuluka mofanana m'masipika onse. Stereo ndi pamene zoyimbira zimagawidwa, zina kumanzere zina kumanja. Chapakati pa zaka za m'ma 1960 mawailesi ndi magalamafoni ambiri anali a sipika imodzi, motero oyimba ndi George Martin, amene ankayang'anira ntchito yojambula, ankathera nthawi yawo pa mono, stereo n'kukonzedwa mofulumira pambuyo. N'chifukwa chake mu stereo ya Rubber Soul mumapeza mawu a woyimba ali mbali imodzi, zoyimbira zambiri zili mbali inayo. Pa mahedifoni zimatopetsa, ndipo sipika imodzi ikafa mumatsala ndi theka la nyimbo. Abbey Road chilibe vutoli: chinakonzedwa mu stereo basi, ndipo mbali yake yachiwiri, ya tinyimbo tolumikizana kwa mphindi pafupifupi 16, ndiyo chifukwa chenicheni chochigulira.

Chenjezo lomweli likhudzanso Pet Sounds cha The Beach Boys, cha 1966. Brian Wilson, amene khutu lake limodzi silinkamva bwino, anachikonza mu mono. Malekodi akale olembedwa Duophonic ndi stereo yonamizira, yongopangidwa ndi makina kuchokera ku mono, ndipo imamveka ngati mukuyimbira m'mgolo. Stereo yeniyeni ya chimbalechi inatuluka mu 1997.

Folk n'chiyani kwenikweni, ndipo zabwino zake n'ziti?

Poyamba dzinali linkanena nyimbo za makolo, zosadziwika mwini wake, zopatsirana pakamwa. Kenako linafalikira kwa aliyense woyimba ndi gitala yosalumikiza ku magetsi, amene mphamvu yake ili pa mawu a nyimbo. Ngati Chingelezi chimakuvutani kumva chikamayimbidwa, funani lekodi kapena CD yokhala ndi pepala la mawu, apo ayi theka la kukoma likudutsani.

Kwa Bob Dylan, The Freewheelin' Bob Dylan cha 1963 ndicho folk yeniyeni. Highway 61 Revisited cha 1965 ndi cha chaka chimene anatenga gitala yamagetsi pa chikondwerero cha ku Newport n'kukwiyitsa ena mwa omutsatira. Koma ngati mugule chimodzi chokha, tengani Blood on the Tracks cha 1975. Anachijambula ku New York mu September 1974, kenako mu December anajambulanso theka la nyimbozo ku Minneapolis ndi oyimba ena. Mawu ake pa chimbalechi ndi omveka bwino kuposa pa zina zambiri, zimene zimathandiza munthu amene sanazolowere kayimbidwe kake ka m'mphuno.

Blue cha Joni Mitchell, cha 1971, chinajambulidwa ku situdiyo za A&M ku Hollywood, kumene Carole King nayenso ankajambula Tapestry m'miyezi yomweyo; Mitchell ndi James Taylor anathandizako kuyimba pa chimbale cha King. Blue sichigwira mtima tsiku loyamba. Chipatseni maulendo anayi kapena asanu.

Ku Britain kuli Liege & Lief cha Fairport Convention, cha 1969, chimene chinatenga nyimbo za makolo a kumeneko n'kuziyimba ndi ng'oma ndi magitala amagetsi, Sandy Denny akutsogolera. Kulinso Pink Moon cha Nick Drake, cha 1972: mphindi 28 zokha, munthu mmodzi ndi gitala, piyano pang'ono pa nyimbo yoyamba. Sichinagulidwe kwambiri Drake ali moyo, anamwalira mu 1974, motero malekodi oyambirira ndi osowa komanso odula. Chimenechi gulani CD kapena lekodi yodindidwanso. Zimbale zachete ngati izi sizibisa chilema: kuthetheka kulikonse kwa lekodi yotha kumamveka kuposa gitala.

Wokonda Don Williams ndi Jim Reeves, ndipo kwathu kuno alipo ambiri, njira yosavuta yolowera ku folk ndi Harvest cha Neil Young, cha 1972, chimene mbali yake ina inajambulidwa ku Nashville.

Nanga rock yaphokoso?

Chimbale chachinayi cha Led Zeppelin, cha 1971. Pachikuto pake palibe dzina la gulu kapena la chimbale, pali chithunzi cha nkhalamba itasenza mtolo wa nkhuni, choncho ogulitsa osadziwa amatha kuchiponya m'gulu la zosadziwika. Ng'oma za John Bonham pa nyimbo yomaliza, When the Levee Breaks, zinajambulidwa pansi pa masitepe a nyumba yakale ya Headley Grange, maikolofoni atapachikidwa m'mwamba, ndipo ndi nyimbo yabwino yoyesera ngati masipika anu amanyamula besi. Sandy Denny uja amayimbanso pa chimbale chimenechi.

The Dark Side of the Moon chimayamba mwakachetechete ndi kugunda kwa mtima, ndiye lekodi yakale yokalika imaonongeratu chiyambi. Ya nthawi imeneyo inkabwera ndi mapositala ndi masitika. Ngati m'chikuto mulibe zimenezi, mtengo utsike.

Sticky Fingers cha The Rolling Stones, cha 1971, chili ndi msampha wakewake. Chikuto chake, chokonzedwa ndi Andy Warhol, chinali ndi zipi yeniyeni yachitsulo, ndipo malekodi akapanikizana zipiyo inkadinda lekodi mkati. Yang'anani bwino mbali yachiwiri, komanso musachisunge chopanikizana ndi zinzake.

Kodi kugula chimbale cha nyimbo zosankhidwa n'kulakwa?

Ayi. Magulu ena mphamvu yawo inali pa nyimbo imodziimodzi. ABBA Gold cha 1992 chimakwanira anthu ambiri, ndipo wofuna kupitirira apo atenge Arrival cha 1976. Thriller cha Michael Jackson, cha 1982, n'chosiyana: chili ndi nyimbo zisanu ndi zinayi, ndipo zisanu ndi ziwiri zinatulukanso pazokha n'kutchuka, choncho chimbalecho pachokha chili ngati chosankhidwa kale.

Pali zimbale za mtunduwu zimene zimakhudza kuno kum'mwera kwa Africa?

Zilipo, ndipo Graceland ndiye chodziwika. Paul Simon anapita ku Johannesburg mu 1985, nthawi ya tsankho, pamene United Nations inkalimbikitsa oyimba kunyanyala South Africa, ndipo anadzudzulidwa kwambiri. Mtsutso umenewo sunathe mpaka lero. Chimene sitingakane n'chakuti chimbalechi chaima pa oyimba a kumeneko: besi ya Bakithi Kumalo, mawu a Ladysmith Black Mambazo, ndi gitala ya Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene bambo omulera anali ochokera ku Malawi. Mu February 1987 gulu lonseli linayimba pa Rufaro Stadium ku Harare limodzi ndi Miriam Makeba ndi Hugh Masekela.

Cold Fact cha Rodriguez, woyimba wa ku Detroit, chinatuluka mu 1970 n'kulephereratu kwawo ku America, koma ku South Africa chinafala m'nyumba zambiri mwini wake osadziwa. Ndiye amene ali ku Joni kapena ku Cape Town akhoza kuchipeza m'misika ya zakale, chodindidwa komweko.

Ndipo rock sinali ya azungu okha. Ku Zambia m'zaka za m'ma 1970 kunabuka Zamrock, magitala aukali osakanikirana ndi kayimbidwe ka kumeneko, nthawi imene boma la Kenneth Kaunda linkafuna kuti wailesi iziulutsa kwambiri nyimbo za m'dzikomo. Zoyenera kufuna ndi Lazy Bones!! cha gulu la WITCH lotsogoleredwa ndi Jagari Chanda, Africa cha Amanaz, zonse za 1975, ndi Day of Judgement cha Ngozi Family ya Paul Ngozi. Malekodi oyambirira ndi osowa ndipo okonda zakale kunja amawalimbirana. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inadindanso zambiri mwa zimenezi. Mukapeza yakale m'sutikesi ya agogo ku Kitwe kapena ku Chipata, musaigulitse kwa munthu woyamba kufunsa.

Lekodi, CD kapena kaseti?

Pa ndalama yochepa, CD. Siopa singano, siitha ndi kuyimba, ndipo yakale imatchipa. Ingopewani zokopera: CD yeniyeni ya ku fakitale kunsi kwake ndi kwa siliva ndipo pafupi ndi bowo pali tizilembo todinda, yowotcha pa kompyuta kunsi kumaoneka kobiriwira kapena kwa buluu, ndipo imafa msanga. Mbali yosalimba ya CD ndi yapamwamba, ya zolembedwa, chifukwa nyimbo zili pansi penipeni pa utotowo. Popukuta yambani pabowo kupita kumphepete, osazungulira.

Zimbale zina zimaposa pa CD. Brothers in Arms cha Dire Straits, cha 1985, pa lekodi nyimbo zingapo zinafupikitsidwa kuti zikwane, pa CD zili zathunthu.

Lekodi imapambana pa chikuto chachikulu ndi mapepala ake, komanso imakukakamizani kumvera mbali yonse. Kaseti gulani pokhapokha ngati chimbalecho sichipezeka mwa njira ina. Yang'anani ngati kansalu kakang'ono kamene kamakankha tepi pakati kalipo. Kakagwa, mawu amamveka ngati ali m'madzi.

Lekodi yakale ndiione bwanji ndisanagule?

Itulutseni m'chikuto, muigwire m'mphepete ndi pakati pa pepala, osakhudza timizere. Ipendekeni padzuwa kapena pa tochi ya foni. Zokalika zopyapyala zimene chikhadabo sichikodwapo nthawi zambiri sizimveka kwambiri. Chimene chikhadabo chikukodwa chidzamveka "tha, tha" paulendo uliwonse, kapena kudumphitsa singano. Timizere tikaoneka totuwa m'malo monyezimira, lekodiyo inadyedwa ndi singano yotha, ndipo kutsuka sikungaibweze. Onaninso pepala lapakati: mikwasa yambiri kuzungulira bowo ikusonyeza kuti inayimbidwa kosawerengeka.

Kenako iikeni molingana ndi maso muone ngati ndi yopindika. Kupindika pang'ono kofanana ndi mbale yosaya singano imapirira. Kopindika mwadzidzidzi m'mphepete, kumene kumabwera ndi dzuwa, sikupiririka. Fananizani dzina la pa pepala lapakati ndi la pachikuto, chifukwa pa kaunjika malekodi amasinthana zikuto. Ndipo werengani zonse zimene ziyenera kukhalamo. Songs in the Key of Life cha Stevie Wonder, cha 1976, chili ndi malekodi awiri aakulu, kalekodi kakang'ono ka nyimbo zinayi ndi kabuku ka mawu; kakang'onoko ndi kamene kamasowa kawirikawiri.

Ogulitsa pa intaneti amalemba NM, VG+ ndi zina. Zikutanthauzanji?

Ndi magiredi a mmene chinthu chilili. NM ndi yooneka ngati yatsopano. VG+ ili ndi tizizindikiro tochepa koma imayimba bwino, ndipo ndi imene imapindulitsa pa mtengo wake. VG imathetheka momveka, makamaka pachete. G imaimira Good, kutanthauza yabwino, koma musanyengeke ndi dzina, ndi yotha. Pamakhala magiredi awiri, la lekodi ndi la chikuto. Kuti mudziwe dziko ndi chaka chimene lekodi inadindidwa, werengani manambala ozokotedwa pamalo osalala apakati pa nyimbo yomaliza ndi pepala, n'kuwafufuza pa Discogs, tsamba la pa intaneti la mndandanda wa malekodi. Ngati wachibale akukubweretserani kuchokera ku Britain kapena ku Joni, muuzeni atulutse lekodi m'chikuto cholimba, ikhale m'kathumba kake pambali pa chikutocho pakati pa makatoni awiri. Ikasiyidwa mkati imagwedezeka n'kung'amba m'mphepete mwa chikuto.

Yolembedwa magalamu 180 imayimba bwino kuposa zina?

Osati chifukwa cha kulemerako. Lekodi wamba imalemera magalamu 120 mpaka 140, ndipo timizere take n'tofanana kuya. Chofunika ndi tepi imene anatengako mawu ndi luso la wodula. Chimodzimodzi ma CD olembedwa kuti anakonzedwanso: ambiri a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi m'ma 2000 anakwezedwa phokoso mpaka pofatsa ndi pokweza kufanana, moti makutu amatopa msanga. CD ya m'ma 1980 imamveka yotsika, koma mungokweza voliyumu.

Galamafoni yabwino ndi yotani?

Pewani tating'ono tooneka ngati sutikesi, tokhala ndi masipika mkati. Singano yake imakanikiza ndi magalamu asanu kapena kuposa, ndipo kunjenjemera kwa sipika kumabwerera ku singano. Funani yokhala ndi chitsulo cholemera kumbuyo kwa mkono chimene mungasinthe. Singano zambiri zimafuna magalamu 1.5 mpaka 2.5, mwachitsanzo Audio-Technica AT-VM95E imafuna magalamu 2. Yezani ndi kasikelo kakang'ono. Kupepukitsa kwambiri nakonso kumaononga, chifukwa singano imagundagunda m'mbali mwa mzere. Singano ya dayamondi isinthidwe ikayimba maola pakati pa 500 ndi 1,000, ndipo ya galamafoni yogula yakale isintheni tsiku lomwelo.

Mukalumikiza n'kumva mawu otsika kwambiri, opanda besi, sikuti chaonongeka. Mphamvu yochokera ku singano ndi yochepa zedi, komanso podula lekodi besi imachepetsedwa dala. Pamafunika polowera polembedwa PHONO pa ampulifaya, kapena kabokosi kokweza mphamvuyo, kotchedwa phono preamp, pakati. Kung'ung'udza kosalekeza kumatanthauza kuti kawaya kopyapyala ka ethi sikanamangidwe pa sikuluwu yolembedwa GND. Nyimbo ikamakoka kapena kugwedezeka mawu, lamba wa pansi pa mbale wafutukuka, musinthe.

Samalani ndi zochokera ku America. Kumeneko magetsi ndi 120 V pa 60 Hz, kuno ndi 230 V pa 50 Hz. Popanda thiransifoma ipsa nthawi yomweyo. Ngakhale ndi thiransifoma, ngati mota yake imatsatira ma Hz a magetsi, lekodi yofuna kuzungulira ka 33⅓ pa mphindi idzazungulira pafupifupi ka 28, oyimba onse n'kumveka ngati angodzuka kumene. Mankhwala ake n'kusintha kagudumu ka pa mota kukhala ka 50 Hz. Za ku Britain ndi ku South Africa zilibe vuto limeneli.

Ndizitsuka bwanji?

Tsiku ndi tsiku, burashi yofewa ya malekodi musanayimbe, ndipo singano muisese kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo. Yakuda kwambiri imafuna madzi osungunulidwa bwino, aja ogulitsidwa othira mu batire ya galimoto, koma onetsetsani kuti si asidi. Pa lita imodzi dontheza madontho awiri kapena atatu a sopo wamadzi wotsukira mbale. Nyowetsani kansalu kofewa kopanda ulusi wothothoka, pukutani motsatira timizere mozungulira, pepala lapakati lisanyowe, tsukuluzani ndi madzi omwewo opanda sopo, n'kuimika pamthunzi kwa ola limodzi. Madzi a pa mjigo amasiya mchere m'timizere. Spiriti wa mtundu uja wogula ku golosale amasiya zotsalira, ndipo pa malekodi akale kwambiri ozungulira ka 78 pa mphindi, amene si a pulasitiki, spiriti aliyense amawasungunula. Mukatsuka ikani m'kathumba katsopano, chifukwa kakale kali ndi fumbi lomwe lija.

Singano ikudumpha. Ndiike khobidi pamwamba pa mkono?

Ayi. Khobidi limaletsadi kudumpha, koma limawonjezera magalamu angapo ndipo singano imayamba kupala timizere. Yambani mwaona ngati galamafoni yakhala pamalo osapendekeka, patali ndi masipika. Tsukani lekodi, popeza nthawi zambiri chodumphitsa chimakhala kanyenyeswa kouma kamene kamachoka ndi madzi. Yezaninso kulemera kwa mkono. Ngati nyimbo zomaliza za mbali iliyonse zokha ndizo zikumveka zosasa, chifukwa chake n'chakuti chapakati mzere umadutsa pansi pa singano pang'onopang'ono kusiyana ndi kumphepete, choncho mawu amapanikizana pamalo ochepa. Singano yatsopano yoikidwa mowongoka imachepetsa vutoli.

Kusunga kwake?

Choimika nthawi zonse, ngati mabuku, osasanjikiza komanso osatsamiritsa mopendekeka. Kutentha ndiye mdani wamkulu: lekodi yosiyidwa m'galimoto yotseka mwezi wa October, kapena pafupi ndi zenera lolowa dzuwa, imapindika masana amodzi. M'nyumba ya malata opanda siling'i sungani m'munsi, koma osati pasimenti penipeni, chifukwa nthawi ya dzinja chinyontho chimabweretsa nkhungu ndipo chiswe chimakonda makatoni a zikuto. Shelefu ikhale yotalikirako ndi khoma lakunja ndipo ikhale yolimba, poti malekodi 50 ndi zikuto zake amapitirira makilogalamu 10. Yopindika pang'ono mukhoza kuiika pakati pa magalasi awiri osalala, mabuku olemera pamwamba, m'chipinda chofunda kwa milungu ingapo. Nthawi zina imawongoka, nthawi zina ayi. Musaiike padzuwa kapena kuisita kuti ifulumire, timizere timafewa n'kuphwanyika ngakhale lekodiyo itaoneka yowongoka.